Mafunso a Owerenga: Lipoti Likadzera Njira Yolakwika Pakati pa Matebulo

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu osunga mabuku ndi okonza malipoti m'makampani a muno mu Harare. Onse akudandaula za manambala amene akutuluka mosiyana ndi a m'mabuku, chonsecho deta inalowetsedwa bwinobwino.

FUNSO: Akonzi, ndimasunga mabuku pa kampani yogulitsa simenti, malata ndi zitsulo ku Graniteside muno mu Harare. Tili ndi nthambi ku Mutare ndi ku Bulawayo. Ndikatulutsa lipoti la malonda a mzinda uliwonse, Mutare ikuoneka kuti yagulitsa zambiri kuposa zimene amanijala a kumeneko akudziwa, pomwe Harare yatsika. Amene anatiikira pulogalamu akuti ndisinthe weight ya relationship. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo ndiikepo nambala yanji? Mayi wa ku Mufakose.

YANKHO: Mayi, pulogalamu yanu imasunga zinthu m'matebulo osiyanasiyana: la ma invoisi, la makasitomala, la nthambi, la ogulitsa ndi la mizinda. Matebulo awiri amalumikizana ndi join, ena amati relationship. Invoisi iliyonse ili ndi nambala ya kasitomala, ndipo nambala yomweyo ikupezeka m'tebulo la makasitomala. Join ndi imeneyo basi. Tsono mukakokera ndalama ndi dzina la mzinda pa lipoti, simuiuza pulogalamu kuti ziwirizi zikakumane podzera kuti. Imadzisankhira yokha. Kwa inu njira zazikulu zilipo ziwiri. Ina ichoka pa invoisi, idzera kwa kasitomala, n'kukafika ku mzinda umene kasitomalayo analembetsa. Inayo ichoka pa invoisi, idzera ku nthambi imene inagulitsa, n'kukafika ku mzinda umene nthambiyo ili.

Womanga nyumba wa ku Mutare akabwera ndi lole ku Graniteside n'kukweza matumba 200 a simenti, njira yoyamba ikalemba ndalamazo pa Mutare, yachiwiri pa Harare. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti pulogalamu yanu ikudzera kwa kasitomala. Woyendetsa kombi ya ku Highfield, kaya adzera msewu wa Willowvale kaya wa Simon Mazorodze, akakutsitsani m'tauni momwemo. Njira za m'matebulo sizitero ayi: iliyonse imakakutulani pa yankho lakelake.

Weight ndi nambala imene imaikidwa pa join iliyonse kuti njira zikachuluka pulogalamu idziwe yotenga. Musanakhudze nambala iliyonse, dziwani kawerengedwe ka pulogalamu yanu, chifukwa mapulogalamu safanana. Ena amaiona weight ngati mtengo wodutsira: amaphatikiza ma weight onse a pa njira, ndipo yotsika mtengo ndiyo imapambana. Masamu ake ndi a mtundu wa aja ofunira njira yaifupi amene Edsger Dijkstra anafalitsa mu 1959. Ena amatenga nambala yaikulu kukhala yopambana. Kudziwa kwake n'kosavuta. Pa kope loyeserera, osati pa limene anthu akugwiritsa ntchito, ikani 1 pa join ya kasitomala ndi mzinda, tulutsani lipoti, kenako ikanipo 100, tulutsaninso. Muona pamene Mutare yatsikira.

Tiyerekeze kuti yanu ndi yophatikiza, yotsika n'kupambana, ndipo join iliyonse ili ndi 10. Njira ya kasitomala ndi 20, ya nthambi ndi 20. Zalingana. Zikatere pulogalamu imasankha potengera chinthu chosakhudzana konse ndi malonda anu, monga join imene inayamba kupangidwa kapena dzina limene likuyambirira mu alifabeti, ndipo ina imangokana n'kutulutsa uthenga wa vuto. Yokanayo ndi yabwinoko, chifukwa yosankha mwakachetechete ikhoza kusintha maganizo tsiku limene wina wafafaniza join n'kuipanganso, inu osadziwa.

Anthu ambiri amathamangira kutsitsa weight ya njira imene akuifuna. Musatero. Join imodzi imadutsidwa ndi malipoti ambiri, ndipo mukaitchipitsa mwaitanira onsewo. Taonani: mwatsitsa join ya invoisi ndi nthambi kufika pa 2, ndipo kale wina anaika 5 pa join ya nthambi ndi ogulitsa. Lipoti la komishoni limachoka pa invoisi molunjika kwa wogulitsa pa mtengo wa 10. Tsopano lapeza njira ya 7 yodzera ku nthambi. Ngati ku Graniteside kuli ogulitsa asanu ndi mmodzi, invoisi iliyonse ya kumeneko iperekedwa kwa aliyense wa iwo, ndipo ndalama za nthambiyo zituluka kasanu ndi kamodzi.

Kukweza njira yosafunikayo ndiye kwabwino, koma nakonso kuli ndi malire, ndipo apa ndi pamene tikufuna mukhale ndi pensulo. Join ya invoisi ndi kasitomala isiyeni pa 10. Mukaikweza kupyola 30, lipoti la angongole lizungulira ku nthambi, ku mzinda, n'kulowera kwa kasitomala chakumbuyo, ndipo invoisi iliyonse imatidwa kwa makasitomala onse a mzindawo. Yoti mukweze ndi ya kasitomala ndi mzinda. Nayonso musaiike pa 50 kapena 100 poganiza kuti kukula kwa nambala n'kutetezeka. Lipoti la makasitomala a mzinda uliwonse liyenera kudutsa pa join imeneyi molunjika, ndipo njira yozungulira, yochoka kwa kasitomala kudzera pa invoisi ndi nthambi, ndi 30. Choncho nambala yanu iyenera kupyola 10 koma isafike 30. Ikani 15. Malonda a mzinda adzera ku nthambi, chifukwa 20 ndi yotsika kuposa 25. Makasitomala a mzinda apita molunjika, chifukwa 15 ndi yotsika kuposa 30. Njira yachitatu, yodzera kwa wogulitsa, ku nthambi yake, n'kukafika ku mzinda, ndi 30 ndipo siyipikisana nawo. Zero ndi nambala zotsika kuposa zero muzipewe. Masamu a njira yaifupi sayenda bwino ndi nambala zotsika kuposa zero.

Palinso china chimene chimasokoneza njira ya kasitomala kuno kwathu, kumene ambiri amagula ndi ndalama m'manja. Ngati invoisi ya wogula wongodutsa ilibe nambala ya kasitomala, join wamba imaitaya, ndipo chiwerengero chonse cha lipoti chimachepa. Ngati onse otere amalembedwa pa akaunti imodzi ya ogula pakashi imene inalembetsedwa ku Harare, ndiye kuti malonda a pakashi a ku Bulawayo akuwerengedwa ngati a Harare. Yang'anani akaunti imeneyo.

Tinene maganizo athu mosabisa. Nambala 15 ikuthandizani mwezi uno, koma siithetsa nkhani. A zotsatsa malonda adzafuna kudziwa kumene makasitomala amachokera, ndipo funso lawo ndi loyenera ngati la amanijala a nthambi. Weight imangosankha funso limodzi kuti likhale la nthawi zonse, linalo n'kulitsekera panja. Njira ziwiri zikakhala ndi matanthauzo awiri, chofunika n'kugawa tebulo la mizinda pawiri: lina litchedwe Mzinda wa Kasitomala, lina Mzinda wa Nthambi, lililonse ndi join yake imodzi. Mu pulogalamu ya malipoti ya SAP BusinessObjects zimenezi amazichita ndi alias, ndipo mapulogalamu ena ali ndi chofanana nacho. Deta siichuluka, tebulo limangooneka kawiri ndi mayina awiri. Wokonza lipoti amaona yekha chimene akukoka, ndipo palibenso choti pulogalamu ilote. Weight muisungire nthawi imene malipoti akale achuluka kwambiri moti simungawagwire onse, kapena pamene njira ziwiri zikupereka yankho limodzi koma ina ikuthamanga kuposa inzake.

FUNSO: Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya malipoti ya Power BI pa kampani yogawa zakudya m'mashopu ku Msasa. Ndafufuza ponseponse, malo olembapo weight sindikuwaona. Invoisi yathu ili ndi masiku atatu: lolembera, loperekera katundu ndi lolipirira. M'chithunzi cha matebulo, mzere umodzi wopita ku tebulo la kalendala ndi wathunthu, iwiri ndi ya madontho. Ndalama zolandiridwa pa mwezi sizikugwirizana ndi za ku banki, makamaka ndikasintha ZiG, ndalama ya Zimbabwe, kukhala madola. Bambo wa ku Highfield.

YANKHO: Bambo, simunaphonye kanthu. Mu Power BI mulibe bokosi lolembamo weight. Weight ilimo ndithu, koma imabwera mwa njira ina.

Pakati pa matebulo awiri Power BI imalola relationship imodzi yokha kukhala yogwira ntchito nthawi zonse. Imeneyo ndi ya mzere wathunthu. Ya madontho ija ilipo koma ili chigonere mpaka mutaidzutsa. Ngati mzere wathunthu uli pa tsiku lolembera invoisi, mukasankha Okutobala mukuona ma invoisi olembedwa mu Okutobala, ngakhale mutu wa lipoti utati ndalama zolandiridwa. A ku banki akuwerenga tsiku limene ndalama zinalowa. Pokonza, pangani measure yatsopano, kutanthauza fomula yowerengera: mkati mwa lamulo la CALCULATE muike kuphatikiza kwa ndalama, kenako USERELATIONSHIP, imene imadzutsa relationship yogona, yokhala ndi makolamu awiri, ya tsiku lolipira ya m'tebulo la ma invoisi ndi ya tsiku ya m'kalendala. Relationship ya madonthoyo iyenera kukhalapo kale m'chithunzi cha matebulo, chifukwa USERELATIONSHIP siipanga yatsopano. Makolamu onse awiri akhale a tsiku lokha. Ngati ya kulipira ili ndi maola ndi mphindi, siikumana ndi kalendala ndipo ndalamazo zigwera pa mzere wopanda dzina.

Njira zikachuluka, Power BI imayamba yayang'ana mtundu wa njira, weight pambuyo. Patsogolo penipeni pali njira imene paliponse ikuyenda kuchoka ku mbali ya chimodzi kupita ku mbali ya zambiri, monga kuchoka pa kalendala kupita ku ma invoisi. Njira zosakaniza zimabwera m'munsi. Weight imagwira ntchito pokhapokha njira ziwiri zili pa mlingo umodzi, ndipo siingakweze njira ya m'munsi kupyola ya pamwamba. Poyamba ma relationship onse amalemera mofanana. USERELATIONSHIP ndiyo imawonjezera weight. Kusiyana kwake ndi zimene tauza mayi a ku Mufakose n'kwakukulu: kuno saphatikiza. Weight ya njira yonse ndi ya relationship yolemera kwambiri pa njirayo, yaikulu ndiyo imapambana, ndipo kuchuluka kwa matebulo odutsidwa kulibe ntchito. Measure ina ikaitana inzake, zonse zili ndi USERELATIONSHIP, ya mkatikati ndiyo imalemera koposa. Ichi chimapweteka anthu ambiri: mumakuta measure yakale ndi CALCULATE yatsopano ya tsiku loperekera katundu, koma manambala osasuntha, chifukwa mkati mwa yakaleyo muli kale USERELATIONSHIP ya tsiku lolipira. Khalani ndi measure imodzi ya ndalama yopanda chilichonse mkati, ndipo zinazo zonse zizimangidwa pa imeneyo. Njira ziwiri zikalingana mlingo ndi weight yomwe, Power BI imatulutsa uthenga wakuti njira siikudziwika.

Ma relationship osefa mbali zonse ziwiri, aja olembedwa Both, ndiwo amabala njira zambiri zobisika. Abwezeni pa Single kupatula pamene muli ndi chifukwa chomveka. Dziwaninso kuti malamulo oletsa manijala wa nthambi ina kuona za nthambi inzake amayenda pa ma relationship a mzere wathunthu okha, choncho chitetezo musachidalitse pa mzere wa madontho.

Za ZiG n'zimene zikukulitsa kusiyanaku. Ndalamayi inayamba mu Epulo 2024, ndipo pa 27 Seputembala chaka chomwecho Reserve Bank of Zimbabwe inaitsitsa kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 pa dola imodzi kufika pa zopitirira 24. Invoisi ya ZiG 14,000 yolembedwa pakati pa Seputembala inali pafupifupi madola 1,000 pa tsiku lolembera. Italipidwa kumapeto kwa mweziwo siinafike madola 600. Manambala onse awiri ndi oona, ndipo a maakaunti amafuna onse, pamodzi ndi kusiyana kwawo. Chosankha chotere musachisiyire njira ya pulogalamu. Polowetsa deta, mu Power Query (gawo la Power BI lolowetsera deta) kapena mu database momwemo (nkhokwe yosungira deta), lembani pa mzere wa invoisi mtengo wosinthira wa tsiku lolembera, ndipo pa mzere wa malipiro mtengo wa tsiku lolipira. Tebulo la mitengo yosinthira likhale ndi tsiku lililonse la chaka. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi mudzazemo mtengo wa tsiku la ntchito lapitalo, apo ayi malipiro a masiku amenewo atuluka opanda kanthu.

Mukafuna kuona ma invoisi olembedwa mu Seputembala koma olipidwa mu Okutobala pa tsamba limodzi, USERELATIONSHIP siikwanira. Pamenepo pangani makalendala awiri, lililonse ndi mzere wake wathunthu. Ngati invoisi imodzi imalipidwa pang'onopang'ono, malipiro akhale ndi tebulo lawolawo, chifukwa kolamu imodzi ya tsiku lolipira siingasunge masiku angapo.

FUNSO: Ndimayang'anira sitolo ya zipangizo za magalimoto. Ndikaika katundu wolandiridwa ndi katundu wogulitsidwa pa lipoti limodzi, manambala onse amafufuma. Ndayesa ma weight osiyanasiyana, palibe chasintha. Wowerenga wa ku Dzivarasekwa.

YANKHO: Achimwene, siyani ma weight, vuto lanu silili pamenepo. Njira ilipo imodzi yokha, kuchoka pa zolandiridwa, kudzera pa tebulo la katundu, kupita ku zogulitsidwa, ndipo weight ilibe chosankha. Chikuchitika n'chakuti matebulo awiri a mizere yambiri akumana pa tebulo la mzere umodzi. Tengani fyuluta ya oyilo imodzi: inalandiridwa kasanu, inagulitsidwa pa ma invoisi 40. Database ilumikiza mzere uliwonse wa uku ndi uliwonse wa uko, n'kutulutsa mizere 200. Zogulitsidwa zakula kasanu, zolandiridwa zakula ka 40. Katundu wina akula mosiyana, n'chifukwa chake simungangogawa chiwerengero ndi nambala imodzi. Ena amayesa DISTINCT, yochotsa zobwerezedwa, koma imeneyo imameza ma invoisi awiri oona amene angofanana ndalama.

Mbali iliyonse iphatikizidwe payokha, pa katundu aliyense, ndipo zotsatira ziwirizo ndizo zikumane. Mu SAP BusinessObjects mumapanga ma context (magulu a ma join) awiri, wina wa zolandiridwa, wina wa zogulitsidwa, ndipo pulogalamu imatumiza mafunso awiri ku database. Mu Power BI mumapanga ma measure awiri, ndipo dzina la katundu mumalitenga m'tebulo la katundu, osati m'limodzi la awiriwo. Ngati pulogalamu yanu ilibe zimenezi, pemphani woyang'anira database akupangireni view (funso losungidwa looneka ngati tebulo) imene yaphatikiza kale mbali iliyonse.

FUNSO: Malipoti athu akhala akuyenda bwino. Mwezi watha a kompyuta anawonjezera tebulo la katundu wotumizidwa ndi malole, ndipo malipoti akale a malonda asokonekera, chonsecho akulumbira kuti sanakhudze weight iliyonse. Zingatheke? Mayi wa ku Mabvuku.

YANKHO: Zingatheke, Mayi, ndipo mwina akunena zoona. Njira siisungidwa mu lipoti. Mapulogalamu osankha okha amaifufuza mwatsopano nthawi iliyonse lipoti likatsegulidwa. Tebulo latsopanolo lalumikizidwa ku invoisi ndi ku mzinda kumene lole inakatsitsa katundu. Ngati ma join akale anaikidwa pa 10 koma atsopanowa abwera ndi nambala yoyambira ya pulogalamu, tinene 1, ndiye kuti patseguka njira ya 2 yopikisana ndi ya 20. Zizindikiro zake ndi ziwiri ndipo zimabwera pamodzi. Invoisi imene katundu wake anapita pa maulendo atatu iwerengedwa katatu. Invoisi ya kasitomala amene anadzitengera yekha katundu isowa, chifukwa ilibe mzere m'tebulo la zotumizidwa. Kuchuluka kwa uku ndi kuchepa kwa uko zimabisana, moti chiwerengero chonse chikhoza kuoneka chapafupi ndi choona.

Kuti mutsimikize, tsegulani SQL, ndiko kuti funso lolembedwa limene lipoti likutumiza ku database. Mapulogalamu ambiri ali ndi poionetsera. Simukufunika kuimva yonse. Werengani mayina a matebulo amene ali pambuyo pa FROM ndi JOIN. Mukaona tebulo la zotumizidwa mu lipoti limene silinafunse za malole, mwaligwira.

Pokonza, join imodzi mwa ziwiri zatsopanozo, makamaka ya zotumizidwa ndi mzinda, ichotsedwe pa tebulo la mizinda lakale n'kupita ku alias yake, ya Mzinda Wotumizako. Ngati zimenezo sizitheka msanga, ikwezedwe ndi pensulo m'manja monga tachitira pamwambapa: njira yochoka pa invoisi kudzera ku zotumizidwa ipyole 20, koma join yolunjika ya zotumizidwa ndi mzinda ikhalebe yotsika kuposa kuzungulira pa invoisi ndi nthambi. Ma join atsopano akakhala 10 ndi 15, yoyambayo ndi 25, ndipo yolunjika ndi 15 poyerekeza ndi 30.

Kuti zisadzachitikenso, pemphani a kompyuta zinthu ziwiri. Pakhale pepala lolembapo join iliyonse, weight yake, ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake, pamodzi ndi njira imene matebulo aakulu awiri aliwonse ayenera kukumanira. Pakhalenso mwezi umodzi wotsekedwa kale, umene a maakaunti anauvomereza, woyesera. Tebulo kapena join ikawonjezeredwa, malipoti aakulu onse atulutsidwe pa mwezi umenewo pa kope loyeserera, ndipo mufananize zinthu zitatu ndi zakale: ndalama zonse, kuchuluka kwa mizere, ndi gawo la nthambi iliyonse. Ndalama zonse zokha sizikwanira, chifukwa njira ikasintha ngati mmene zinachitikira ku Graniteside, chiwerengero chonse chikhoza kukhala chomwecho pomwe ndalama zasamuka kuchoka pa Harare kupita pa Mutare. Sankhaninso ma invoisi atatu amene mukuwadziwa bwino, wina wa pakashi, wina wa maulendo angapo a lole, wina wa kasitomala wa kutali amene anagula muno, ndipo muwalondole mmodzimmodzi kuti aliyense watuluka kamodzi, pa mzinda woyenera.